Kadyedwe ka paleo kuno ku Tete: chochita nyama ya ziweto zodya udzu ikadula kapena ikasowa

Anthu ambiri amene amayamba kadyedwe ka paleo amagwa mphwayi mwezi usanathe. Ena ndalama zimawathera pa nyama. Ena njala imawapweteka chifukwa asiya nsima osaika china m'malo mwake. Enanso sayamba n'komwe, poganiza kuti popanda nyama ya m'paketi yolembedwa kuti ng'ombeyo inkadya udzu wokhawokha, palibe chimene akuchita.

Lamulo la paleo ndi lalifupi. Mumadya nyama, nsomba, mazira, masamba, zipatso, mbatata ndi zinzake zokumba pansi, komanso njere zamafuta. Mumasiya chimanga, mpunga, tirigu, mapira, mawere, nyemba zamitundu yonse pamodzi ndi mtedza, mkaka, shuga ndi zakudya za m'fakitale. Nkhani ya udzu inakula chifukwa kumayiko ngati America ng'ombe zambiri amazinenepetsa m'makola ndi chimanga ndi soya. Kuno mbuzi ya ku Changara kapena ng'ombe ya ku Angónia imadya kubusa kuyambira kubadwa kwake, kungoti palibe amene amaimata chikalata. Ndiye vuto lathu lenileni ndi thumba, kutentha, ndi chimene chilowe m'mbale pamalo pa nsima.

Zofunika kukhala nazo

- Mpeni wakuthwa ndi thabwa lodulira nyama yokha
- Poto wamkulu wokhala ndi chivundikiro, kapena mphika wadothi
- Mbaula ndi waya wowambira
- Mtondo, munsi ndi sefa
- Beseni lonyikira nsomba zamchere ndi chinangwa
- Thandala kapena lichero loyanikira, ndi kaneti kotchinga ntchentche
- Mabotolo agalasi otseka bwino
- Mchere wa ayodini, mandimu, adyo, anyezi, matimati ndi tsabola
- Kope lolembamo zimene mwagula sabata iliyonse

Firiji ikakhalapo ndi bwino, koma zonse zili m'munsimu zitheka popanda iyo.

1. Werengani kaye musanapite kumsika

Munthu wamkulu amafunika mapuloteni okwana pafupifupi magalamu 0.8 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Ngati mumalemera makilogalamu 65, ndiye kuti ndi magalamu 52. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, nyama yophika yolemera magalamu 100 ili ndi pafupifupi 25, ndipo kapenta wouma mapuloteni ake amapitirira theka la kulemera kwake. Mazira awiri m'mawa, dzanja limodzi la kapenta masana, ndi nthuli yofanana ndi chikhatho chanu madzulo, tsiku lakwana. Wogwira ntchito ya thukuta, kumunda kapena kumigodi ya malasha ku Moatize, awonjezereko.

Chenjezo: zithunzi za pa intaneti zimaonetsa mbale yodzaza nyama mpaka m'mphepete. Mukatsanzira zimenezo malipiro a mwezi adzatha pa 10. Nyama isapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a mbale.

2. Yambani ndi mbuzi, ndipo muzifunsa

Mbuzi ya kuno ndi yodziwika dziko lonse, moti dzina lakuti Cabrito de Tete linalembetsedwa ngati dzina lotetezedwa la dera lino, loyamba la mtundu umenewu m'Mozambique. Chimene chimaikometsa ndi chakudya chake: udzu, masamba a m'tchire, masawu ndi malambe ogwa pansi. Imeneyi ndiye nyama imene anzathu akunja amaifunafuna ndi ndalama zambiri.

Pogula, kaya ndi pa Kwachena mumzinda wa Tete, pa Ulongué kapena pa Zóbuè, funsani mwaulemu: "Bambo, mbuziyi yachokera dera liti? Imapita kubusa kapena mumaipatsa madeya?" Wogulitsa wozolowera amayankha msanga, n'kutchula mudzi. Madeya pang'ono m'chilimwe asakuopseni, chifukwa pofika Seputembala ndi Okutobala msipu umakhala utauma ndipo mwini ziweto amachita zotheka kuti zisafe.

Pa ng'ombe yang'anani mafuta. Ya kubusa mafuta ake amakhala achikasu pang'ono ndipo mnofu wake ndi wofiira moderako, wopanda mizere yambiri ya mafuta mkati. Pa mbuzi chizindikiro chimenechi sichigwira ntchito, mafuta a mbuzi amakhala oyera ngakhale itadya udzu moyo wake wonse.

Kugula kilogalamu imodziimodzi ku talho, kogulitsira nyama, ndiye njira yodula. Pezani mabanja anayi kapena asanu, musonkherane ngati mmene mumachitira xitique, mutume mmodzi akagule mbuzi yamoyo kumudzi, muphe, mugawane zonse mpaka mutu ndi zam'mimba. Powerengera kumbukirani kuti mukasenda n'kuchotsa mutu, miyendo ndi zam'kati, nyama ndi mafupa zotsala zimachepera pang'ono pa theka la kulemera kwa mbuzi yamoyo. Mtengo umakwera pa Khirisimasi, Chaka Chatsopano ndi Eid. Umatsika mu Januwale ndi Febuluwale pamene mabanja akugulitsa ziweto kuti agule chimanga ndi zofunika kusukulu, koma mbuzi zonona bwino ndi za mu Epulo mpaka Juni, mvula itangosiya.

Chenjezo: musagule nyama ya chiweto chofa chokha, ngakhale aigulitse theka la mtengo. Matenda ena a ziweto amapha ndi anthu omwe, ndipo amalowa ngakhale posenda chikopa.

3. Gulani zimene ena amadutsa

Chiwindi, mtima, impso, lilime, chifu, matumbo, mutu, mang'ina ndi mafupa zimatsika mtengo poyerekeza ndi mnofu, pamene chakudya chili mmenemo n'chochuluka. Chiwindi chili ndi ayironi ndi vitamini A wambiri. Mtima ndi mnofu weniweni, ukawotchedwa pang'onopang'ono umakoma kuposa mmene anthu amauganizira.

Mafupa ndi mang'ina phikani motere: tsukani, ikani m'poto, thirani madzi mpaka amire, finyiranimo ndimu limodzi, ikani anyezi ndi adyo. Akawira chepetsani moto, yengulani thovu la pamwamba, vundikirani, muwasiye maola anayi kapena asanu akungotukutira. Msuzi wakewo muziphikira masamba ndi maungu. Ukalowa mumphika, caldo wokometsera ndiwo wa m'kapepala uja mudzamuiwala.

Chenjezo: chiwindi ndi cha kamodzi pa sabata, nthuli yosapitirira chikhatho. Mayi woyembekezera asachidye pafupipafupi chifukwa vitamini A akachuluka amavulaza mwana m'mimba. Amene ali ndi gout, matenda aja otupitsa chala chachikulu cha kuphazi, achepetse zam'kati zonse pamodzi ndi nsomba zing'onozing'ono. Ndipo chiwindi mukachidula n'kupeza timabowo tolimba kapena tinyongolotsi tophwatalala, tayani.

4. Nsomba zilowe katatu kapena kanayi pa sabata

Apa ndiye pali mwayi wathu. Chimene anthu amasirira mu nyama ya kubusa kwenikweni ndi mafuta a omega-3, koma nsomba zamafuta zili nawo ochuluka kuposa ng'ombe iliyonse.

Kapenta wa ku Cahora Bassa amadyedwa ndi minga yomwe, ndiye amapereka kashiamu amene mukanapeza mumkaka. Asodzi amamugwira usiku ndi nyali, ndipo mwezi ukamawala kwambiri amakolako wochepa. Sankhani wowala, wouma gwa, wosanunkha chinyontho, wopanda ufa pansi pa thumba chifukwa ufawo ndi ntchito ya tizilombo. Mutsukeni ndi madzi ofunda kuti mchenga uchoke, mumukazinge pang'ono popanda mafuta, kenako matimati ndi anyezi.

Pende ndi mlamba zaziwisi za mu Zambezi ndi zabwino zowotcha kapena zofutsa. Nsomba zouma za chicoa zimasungika nthawi yaitali, koma mchere wake ndi woopsa. Zinyikeni maola angapo, musinthe madzi kawiri kapena katatu, ndipo pophika musathirenso mchere. Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, kasupuni kamodzi kakang'ono, ndiye chicoa wosanyika bwino akhoza kukupitirizani muyeso pa chakudya chimodzi chokha.

Karapau wa m'makatoni anthu amamuderera ngati ndiwo ya osauka. Ndi nsomba ya m'nyanja yamchere, yogwidwa osati yoweta, ndipo ili m'gulu la nsomba zamafuta. Kwa ine, munthu wodya karapau kawiri pa sabata wapambana amene akudikira nyama ya m'paketi.

Chenjezo: karapau amene wasungunuka n'kuumitsidwanso amaoneka. Maso amalowa mkati, mimba imafewa, ndipo pansi pa katoni pamakhala madzi oundana ofiira. Musiyeni.

5. Ikapezeka ya m'khola yokha, chotsani mafuta

Masiku ena kumsika mudzangopeza nkhuku zoyera za m'firiji, nkhumba yodyetsedwa madeya, kapena ng'ombe yochokera kutali imene simukudziwa chimene inkadya. Gulani. Kusiyana kwa nyama ya kubusa ndi ya m'khola kuli m'mafuta, mapuloteni ake ndi amodzimodzi. Sankhani mnofu wopanda mafuta ambiri, dulani oyera a m'mphepete, nkhuku muisende khungu, ndipo msuzi ukazizira yengulani mafuta oundana pamwamba. Tsiku lotsatira idyani nsomba.

Chenjezo: soseji, polone ndi nyama zam'chitini sizilowa m'gululi. Muli sitachi, soya, shuga ndi mchere wambiri. Nkhumba ya kumudzi muziiyang'ana pa lilime ndi m'mnofu ngati muli timibulu toyera tonga mpunga, timene ambiri amati masese. Ndi ana a njoka zam'mimba, ndipo vutoli lilipo ndithu ku Angónia ndi madera ozungulira kumene nkhumba zimayenda zokha. Yotere musagule, ndipo nkhumba iliyonse ipse mpaka pafupa, pasatsale pofiira.

6. Tsatani ndiwo za nyengo

Mazira a nkhuku za kumudzi, a abakha ndi a nkhanga ndi ndiwo ya tsiku ndi tsiku. A nkhuku zoyera nawonso ndi abwino. Mvula yoyamba ikagwa kumabwera ngumbi, zimene zimadzikazinga ndi mafuta ake omwe ndipo zikauma zimasungika m'botolo. Pali mphalabungu, ziwala, bowa wa dzinja, ndi mbewa anthu akakolola. Nkhunda ndi akalulu mutha kuweta kuseri kwa nyumba ngakhale m'tauni.

Chenjezo: mbewa gulani kwa munthu amene mukudziwa kuti amakumba kapena kutchera misampha, osati wothira mankhwala. Bowa amene simukumudziwa musamulawe. Nyama ya m'tchire yobwera mobisa kuchokera kumbali ya paki ya Mágoè ndi mlandu, ndipo palibe amene waiyeza.

7. Konzani cholowa m'malo mwa nsima

Ambiri amagwera pano. Munthu wakula ndi nsima kawiri pa tsiku, ndiye mukangoichotsa n'kusiya ndiwo zokha, pofika tsiku lachitatu mutu ukuwawa, mawondo alobodoka, ndipo madzulo mumapezeka mwagula pão (buledi) awiri ndi refresco (chakumwa chotsekemera cha m'botolo). Thupi likufunabe chakudya chopatsa mphamvu, ndipo paleo sakuletsa.

Mbatata ndiye yoyamba, makamaka yofiira mkati chifukwa ili ndi vitamini A. Phikani yambiri m'mawa, ina mudye ndi mazira, ina mutenge popita kuntchito. Maungu, nthochi zosapsa, chilazi ndi koko zimalowa bwino ndi msuzi wa mafupa uja. Nthochi zosapsa zisendeni mutapaka timafuta m'manja kuti utomoni usamate, muziphike pamodzi ndi nyama ya mbuzi ndi matimati mpaka msuzi ulimbe.

Mbatata ya kachewere, imene imachuluka ku Angónia ndi ku Tsangano, otsatira paleo amatsutsana nayo. Ena amaikana, ena amailola. Ine ndimati munthu wa ku Ulongué asasiye chakudya chomera pakhomo pake chifukwa cha mkangano wa anthu akutali. Idyani yophika kapena yowotcha, musiye tchipisi ta m'chiwaya chimene mafuta ake akhala akuwira kuyambira Lolemba.

Ngati dzanja likufunabe kutema ndi kusunsa, pali kondowole. Ufa wake konzani chonchi: sendani chinangwa, chinyikeni m'madzi masiku atatu mpaka asanu kufikira chitafewa, chifinyeni, muchinyenyenyenye, muchiyanike padzuwa mpaka chiume gwa, kenako musinje n'kusefa. Pophika, madzi awire kaye, chepetsani moto, thirani ufa n'kuvundula mwamphamvu chifukwa kondowole amagwirana msanga.

Chenjezo: chinangwa chowawa chili ndi poizoni wa cyanide. Mu 1981, nthawi ya chilala, anthu oposa 1,000 ku Nampula anapuwala miyendo ndi matenda a konzo chifukwa chodya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira. Musafupikitse masiku onyika, madzi onyikirawo tayani, ndipo chigwada muchisinje n'kuchiwiritsa nthawi yaitali poto ali wosavundikira.

8. Theka la mbale likhale masamba, ndipo pezani cholowa m'malo mwa nsinjiro

Bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, kholowa, therere, mpiru, repu, kabichi: zonsezi ndi zololedwa ndipo zina zimangomera zokha. M'dzinja futsani zambiri kuti mudzakhale ndi mfutso mu Okutobala.

Chovuta ndi kutendera, poti mtedza uli m'gulu la nyemba. Kazingani nthanga za maungu kapena chitowe pamoto wochepa, musinje, musefe, mutendere monga mwa masiku onse. Futali wa mbatata wotendera nthanga amakoma mosiyanako koma amakhutitsa chimodzimodzi. Kokonati wopala n'kufinya amagwiranso ntchito. Castanha (njere za mbibu) ndi wololedwa koma ndi wodula, musamuwerengere.

Mafuta ophikira pangani nokha kuchokera ku mafuta a ng'ombe ya kubusa, amene ku talho amagulitsa motchipa. Aduleni tizidutswa ting'onoting'ono, muwaike pamoto wochepa kwambiri mpaka asungunuke, musefe ndi kansalu koyera, muthire m'botolo louma. Nyengo ya mapeyala, theka la peyala pambali pa mbale likwanira.

Malambe anyikeni m'madzi owiritsa atazizira, mutakase, musefe, mumwe popanda shuga. Ali ndi vitamini C wambiri, amene amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'masamba. Masawu, mango, masuku, magwafa ndi mapapaya idyani pa nyengo yake.

9. Sungani nyama molingana ndi kutentha kwa kuno

Mumzinda wa Tete, ku Changara ndi ku Mutarara kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala. Nyama yaiwisi isakhale panja kupitirira ola limodzi masiku otero. Gulani m'mawa, mubwere nayo kunyumba osaima pocheza. Zam'mimba ndi chiwindi phikani tsiku lomwelo.

Gawo lanu la mbuzi yosonkherana ija, ngati mulibe firiji, lezani mizere yopyapyala ngati chala, chotsani mafuta onse chifukwa ndi amene amayamba kununkha, pakani mchere, muwambe pa waya pamwamba pa makala ofuka pang'ono mpaka iume. Malizani padzuwa mutaphimba ndi kaneti. Youma bwino imathyoka mukaipinda. Isungeni m'thumba lansalu pamalo opita mphepo, osati m'pulasitiki. Ku Angónia ndi ku Tsangano kumene kumazizira ndi kuchita nkhungu, dalirani utsi kuposa dzuwa, ndipo muziibwezera pamoto pakapita masiku angapo.

10. Yalani sabata yanu pa pepala

Chitsanzo chosavuta: nsomba masiku atatu, mazira ngati ndiwo yaikulu tsiku limodzi, zam'kati tsiku limodzi, mbuzi kapena nkhuku masiku awiri. M'mawa mbatata kapena chinangwa chozuna ndi dzira. Lembani meticais amene mwawononga, ndipo pakatha masabata awiri muone chimene chikudya ndalama. Kawirikawiri mudzapeza kuti zimene munkawonongera pão, shuga, mabisiketi ndi zakumwa zikulipira mbali yaikulu ya ndiwo.

Zolakwika zimene ambiri amachita

Kusintha nyumba yonse tsiku limodzi. Ana amene akukula, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, ndi okalamba ofooka musawalande nsima, phala, nyemba ndi mkaka. Paleo ndi chisankho cha inu wamkulu. Phikani ndiwo imodzi ya banja lonse, inu mudye ndi mbatata, iwo ndi nsima.

Kuyamba muli pa mankhwala osafunsa. Amene ali ndi matenda a shuga ndipo amamwa mapiritsi kapena kubaya insulin, akachepetsa nsima mwadzidzidzi shuga akhoza kutsika mpaka kukomoka. Wa matenda a impso mapuloteni ambiri amamupweteka. Pitani kaye ku Centro de Saúde mukafotokoze zimene mukufuna kuchita.

Kugona ndi njala chifukwa cha lamulo. Mwezi ukaipa, nyama ndi nsomba zonse osazikwanitsa, nyikani nyemba kapena nandolo usiku wonse, mutaye madziwo, muphike zipse bwino, mudye. Otsatira paleo mwamphamvu adzati mwalakwa, koma nyemba ndi chakudya chabwino ndipo madokotala ambiri amazilimbikitsa. Chimene simuyenera kubwerera ndi refresco ndi mabisiketi.

Kuiwala kashiamu ndi ayodini. Mwasiya mkaka, ndiye kapenta ndi masamba obiriwira zisasowe. Mchere muchepetse, koma umene mukugwiritsa ntchito ukhale wa ayodini.

Kuyesa uchi ndi masawu ouma ngati alibe shuga. Supuni imodzi ya uchi ndi yokwanira, ndipo masawu ndi a dzanja limodzi, osati lichero.

Kumwa madzi ochepa. Masabata oyamba mukachepetsa nsima thupi limataya madzi ambiri, ndipo ndi dzuwa la kuno mutu suchedwa kuwawa. Yendani ndi botolo.

Kuwotcha nyama mpaka kuda bii tsiku lililonse. Kanyenya ndi wa apo ndi apo. Masiku ambiri phikani ya msuzi, yomwenso imakwanira anthu ambiri.

Kukana chakudya kwa eni ake. Pamaliro, paukwati kapena kwa apongozi, akakupakulirani nsima musayambe kulalikira za paleo. Sambani m'manja, temani pang'ono, muchulukitse ndiwo, muthokoze. Ngati mukudziwa kuti mukakhalako masiku angapo, nyamulani mbatata ndi kapenta ngati mphatso ya pakhomo, ndipo m'mawa mupemphe kuti akuphikireni zomwezo.